Mbalame Zomwe Ndinazitumiza ku Amereka

Boma litandilemba ntchito ya uphunzitsi, kalata inati ndipite ku Rumphi. Kwathu ku Dedza anthu anandipepesa ngati kwagwa zovuta, koma ine ndinanyamuka mokondwa, nditatenga dipuloma ya sayansi, jekete imodzi ndi mtima wodzimva. Sukuluyo inali ya mishoni, pamwamba pa mapiri. Si mishoni yotchuka ya ku Khondowe ija ayi, koma ina yaing'ono, yosauka, imene kunyada kokha ndiko inkafanana ndi inzake. Ukatsika basi pa Chiweta unkadikira galimoto iliyonse yolimba mtima, ndipo pofika pamwamba unkakhala utalapa machimo ako onse m'makona a msewuwo.

Kumeneko ndinapeza anthu ophunzira mochititsa mantha. Aliyense anali ndi agogo amene anali kalaliki, mphunzitsi kapena wothandiza dokotala, ndipo ankakuuza zimenezi usanamalize n'komwe kupereka moni. Pakati pawo ankayankhula Chitumbuka, akakwiya ankayankhula Chingerezi, Chichewa ankasungira ine. Ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse, wobwera, wosadziwika agogo ake. Ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha loti ine ndiyankhule, iwo n'kukhala chete. Tsikulo linabweradi, ndipo linachotsetsa ntchito bambo wina amene sanandilakwirepo kanthu.

Bamboyo tinkangowatchula kuti adada a belu. Ndiwo ankaliza belu, kusesa m'tchalitchi, kukhoma mabenchi ogwedera, ndi kutsegula zitseko Lamlungu komanso m'mawa uliwonse ana a sukulu akamalowa kukapemphera. Anali aafupi, a imvi, otsokomola chifukwa cha fumbi la mgodi wa malasha kumene anagwirako ntchito ali mnyamata. Ankakhala ndi akazi awo m'kanyumba ka mishoni kuseri kwa tchalitchi. Kanyumbako kanali ka ntchito, osati kawo, ndipo kwina kolowera analibe, poti munda wa kwawo abale anagawana kalekale.

Pamwamba pa khomo lalikulu la tchalitchi panali kashelefu ka njerwa, ndipo pamenepo pankakhala mbalame ziwiri. Zinali zazitali ngati njiwa koma zowonda, za mchira wautali. Zikatera zinkaoneka zakuda, zonyezimira. Zikauluka m'pamene zinkaonetsa kufiira m'mapiko. Likhweru lawo linali lokoma, lotsetsereka, moti ukanati ndi mbalame zoleredwa bwino. Ulemuwo unkatha zikaswa. Zikakhala ndi ana m'chisa, aliyense wodutsa pakhomopo zinkamudzera kumbuyo osaodira, n'kumukanda pamutu, kwinaku zikukalipa ndi mawu osasa amene sankafanana n'komwe ndi likhweru lija.

Tsono mwambo wa pamalopo unali woti mwamuna aliyense avule chipewa pa sitepe yomaliza, aime pang'ono ataweramitsa mutu, kenako alowe. Amayi ankadutsa bwinobwino ndi mipango yawo. Amuna okha ndiwo ankapereka mitu, ndipo ankaipereka ataiweramitsa kuti mbalame isavutike posankha malo.

Adada a belu anali ndi njira yawo. Akangomva kulira kwa ana m'chisa, ankatseka khomo lalikulu n'kutsegula la m'mbali, lomwe linkayang'ana kuzimbudzi. Pakatha milungu inayi anawo ankauluka, khomo lalikulu n'kutsegulidwanso. Ankachita zimenezi kawiri dzinja lililonse, popanda kufunsa munthu, ndipo anthu anali atazolowera kulowera kulikonse kumene apeza kotsegula.

Chaka chimene ndinafika kunabweranso ahedi atsopano, amene analinso mkulu wa mpingo. Anali ndi dazi lochokera pamphumi mpaka kunkhongo, lodzozedwa mafuta tsiku ndi tsiku. Iwo atapeza khomo lalikulu lotseka anati mkulu wa mpingo salowa m'nyumba ya Mulungu kudzera kuzimbudzi, ndipo analamula kuti litsegulidwe. Lamlungu lomwelo anakwera masitepe, anavula chipewa, anaweramitsa mutu, mbalame inatsika. Timagazi tinali tochepa ndithu, koma kwaya yonse inaona. Nyimbo yolowera inaimbidwa ndi anthu oluma milomo, ndipo amayi ena anatuluka ngati akukatonthoza mwana kuti akaseke bwino panja.

Malo ena akanangotenga nsungwi n'kugwetsa chisacho. Kumeneko palibe chinthu chimene chinkachitika popanda komiti. Komiti ya mbalame inali ndi wapampando, amene anali ahedi omwewo, mlembi, ndi akulu a mpingo anayi. Msonkhano woyamba unathera pokangana za dzina la komitiyo. Pa wachiwiri anagwirizana kuti anthu ophunzira sangalimbane ndi chinthu chimene sakuchidziwa mtundu wake. Apa m'pamene wina anakumbukira kuti boma linawatumizira mphunzitsi wa sayansi, ndipo anandipatsa mlungu umodzi kuti ndibweretse lipoti.

Munthu wanzeru akanatenga mpando n'kukakhala pamthunzi kuziyang'ana mbalamezo. Ine ndinali ndi dipuloma, komanso mutu wanga ndinkaukonda, choncho ndinalunjika ku laibulale. Foni masiku amenewo zinali zongoimbira, ndipo netiweki inkapezeka pachulu chimodzi kuseri kwa khitchini. Mabuku athu anali amphatso, obwera m'makatoni kuchokera kutsidya kwa nyanja. Munali a malamulo a pamsewu a mayiko amene sitidzawapondako, a kaphikidwe ka zakudya zimene sitinazionepo, ndi ena othothoka masamba. Pansi pa katoni ina ndinapeza buku lalikulu la mbalame, la zithunzi zokongola, ndipo sindinatsegule masamba ambiri ndisanaipeze: mbalame yakuda bii, ya chigamba chofiira paphewa.

Ndinawerenga mwachangu. Bukulo linati mbalameyi kwawo ndi ku Amereka. Imamanga chisa cha udzu m'mabango a m'madambo. Yaimuna imodzi imakhala ndi zazikazi zingapo m'dera lake. Nthawi yoswa imalusa, imathamangitsa akabawi, ndipo imatsikira ngakhale anthu pamutu. Kukayamba kuzizira zimasonkhana m'magulu akuluakulu n'kuuluka kupita kofunda. Nditafika pa za kutsikira anthu pamutu ndinaleka kukayika. Za mabango zija zinandivuta pang'ono, koma ndinazikonza ndekha: mbalamezi zinali paulendo wa ku madambo a ku Kazuni, zinasochera ndi nkhungu ya m'mapiri, n'kukhazikika pa tchalitchi chathu.

Lipotilo ndinalilemba m'Chingerezi cholemera, masamba atatu, ndipo ndinaliwerenga nditaimirira, jekete ili m'thupi, buku litatsegulidwa patebulo. Nditafika pa mawu akuti Amereka, onse anatchera khutu. Ndinaona ahedi akusisita pabala paja mwachikondi. Kukandidwa ndi mbalame wamba ndi chipongwe, koma kukandidwa ndi mbalame yochokera ku Amereka ndi nkhani yolembera abale ku Mzuzu. Mkulu mmodzi yekha ndiye anakhumudwa, chifukwa cha za mitala zija. Anati sizingatheke mbalame ya akazi ambiri kumanga nyumba pakhomo la tchalitchi mpingo n'kukhala chete, pamene anthu amadulidwa pa mlandu womwewo. Anakambirana zimenezi pafupifupi ola lathunthu, mpaka mlembi analemba kuti komiti sikugwirizana ndi khalidwe la mbalameyo.

Pomaliza anaitana adada a belu kuti adzalandire malangizo. Anaima pakhomo atagwira kapusi yawo m'manja, n'kumvetsera mlembi akuwamasulira lipoti langa. Atamaliza, adada anasuzumira chithunzi cha m'buku chija, kenako anayang'ana ine.

“Pepani chomene, asambizgi,” anatero, poti kumeneko mphunzitsi amamutchula choncho. “Iyi si mbalame ija yayi. Zapakhomo zija n'zakuno, adada anga anazipeza pomwepo. Mkazi ndi mmodzi, wa mutu wotuwa uja, ndipo chisa amamata ndi dothi. Sizipita kulikonse.”

Ahedi anawafunsa m'Chingerezi ngati anawerengapo bukulo. Mlembi anamasulira. Adada anayankha kuti ayi, sanaliwerengepo. Komiti yonse inaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse, chifukwa kanali koyamba kuseka limodzi ndi anthu amenewa, osati kusekedwa. Chigamulo chinali chakuti alendowo tiwapirire mpaka nyengo yozizira, khomo la m'mbali ligwiritsidwe ntchito komaliza, ndipo akanyamuka nkhani ya makomo ithere pomwepo.

Mwayi wa munthu wabodza ndi woopsa. Mvula itatha, ana omaliza atauluka, mbalamezo zinayamba kusowa pakhomo paja. Pofika Juni, mphepo itayamba kuluma makutu, masana onse sunkaziona. Ahedi analengeza pamzere wa ana kuti zimene sayansi inalosera zachitika tsiku lake lenileni. Ana anayamba kunditchula kuti profesa. Mabanja amene kale ankangondigwedezera mutu anayamba kundiitanira tiyi, wa m'makapu a maluwa aja amene amatuluka m'kabati Lamlungu lokha. Mayi wina anandiuza kuti nkhope yanga ikuonetsa kuti agogo anga ayenera kuti anali munthu wa sukulu. Agogo anga ankasema mipini, koma sindinawatsutse mayiwo.

Tsiku lina mu Ogasiti, Loweruka, ndinatsikira kumtsinje kukachapa. Panjira panali mkuyu waukulu wodzaza nkhuyu zakupsa, ndipo ndisanaufike ndinamva likhweru lija, osati limodzi koma ambiri. Mtengo wonse unali mbalame zokhazokha. Ndinatula ndowa n'kukhala pamwala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita chimene ndinayenera kuchita pachiyambi pomwe, kuziyang'ana. Paphewa panalibe chigamba chilichonse. Kufiirako kunali m'nthenga zazitali za kumapeto kwa phiko, kufiira kwa njerwa yowotcha, ndipo phiko likapindidwa kunkatsala kamzere chabe. Zina zinali zakuda thupi lonse, zina za mitu yotuwa ngati phulusa, ndipo zinkayenda ziwiriziwiri, yakuda ndi yotuwa mutu. Zinkameza nkhuyu, zina zinkatsikira pamsana pa ng'ombe zimene zinkadya tsidya lina n'kumatola nkhupakupa. Zikakhuta zinkaulukira kumatanthwe a m'mbali mwa phiri. Pobwerera, dzuwa litapendeka, ndinadzera kutchalitchi ndipo ndinaima patali. Posakhalitsa ziwiri zinafika mwakachetechete n'kulowa pakashelefu kaja. Sizinapite ku Amereka kapena ku Kazuni. Zinkangolawirira kokadya n'kumabwera kudzagona.

Lolemba ndinabwerera ku laibulale. Pachikuto pa bukulo panalembedwa ndi malemba akuluakulu kuti linali la mbalame za ku Amereka zokhazokha. Ndikanafuna khwangwala wathu kapena pumbwa, bukulo likanandipatsanso wachibale wake wa kumeneko, ine n'kulemba lipoti. Ndinalitseka n'kulibwezera pansi penipeni pa katoni, pamwamba n'kusanjikizapo mabuku a malamulo a pamsewu aja. Ndinadziuza kuti ndinena, ndingopeza nthawi yabwino. Koma mlungu uliwonse kunali tiyi kwa wina, ndipo nthawi yabwinoyo sinapezeke.

Mvula inayamba mu Novembala. Mu Disembala sukulu inakonza mapemphero aakulu otsekera chaka, ndipo mlendo wolemekezeka anali abusa ena okalamba, opuma pantchito, amene anaphunzitsa theka la komiti ija. Khomo lalikulu linakhala lotseka milungu iwiri chifukwa ankalipaka penti, choncho palibe amene anadutsapo. Kutatsala masiku atatu, adada a belu anafika kunyumba kwanga m'mawa ndikupukuta nsapato. Anakana mpando, anangonjuta pakhonde. Anandiuza kuti m'chisa muli ana atatu, akula kale, ndipo makolo awo afika polusa zedi. Anali atawauza ahedi, koma ahedi anayankha kuti mbalame zili ku Amereka, ndipo munthu ngati abusawo sangalowetsedwe pakhomo la kuzimbudzi chifukwa cha maloto a woliza belu.

“Inu amakumverani, asambizgi,” anatero. “Za buku zisiyeni, sindikufuna kuti muchite manyazi. Mungowauza kuti khomo la m'mbali, basi.”

Ndinati ndiona. Anathokoza kuti yewo, n'kumapita akutsokomola. Masiku atatu onsewo ndinkakumana ndi ahedi m'mawa ndi masana. Tinakambirana za mipando, za kwaya, za amene adzagwire ambulera ya abusa. Za khomo zokha sindinatchule. Ndinkaopa funso limodzi, loti nanga aprofesa mwadziwa liti. Ndinadzitonthoza kuti mwina phokoso la anthu ambiri lidzaziopseza.

Tsikulo kunacha bwino. Abusawo anayenda patsogolo pa mdipiti ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, ahedi ali pambali. Pa sitepe yomaliza anavula chipewa, ndipo poti anali munthu wa mapemphero enieni, anawerama nthawi yaitali kuposa tonsefe. Mbalame zinatsika zonse ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Nkhalambayo inadzidzimuka, inaponya dzanja m'mwamba, ndodo inaterereka pa sitepe, ndipo inagwa chagada mpaka pansi. Magalasi anasweka, mkono unathyoka pafupi ndi dzanja. Ulendo uno palibe amene anaseka. Anawanyamula pa matiresi n'kuwakweza galimoto, ndipo ndinamva kubuula kwawo galimotoyo ikudumpha miyala yoyamba ya msewu wopita kuchipatala.

M'mawa mwake komiti inakumana, nkhope zili gwa. Panafunika wolakwa, ndipo sakanakhala wapampando, sakanakhalanso buku. Mkulu wa za mitala uja ananena kuti iye ankaona mbalamezo zikudya makoko a mapapaya kuseri kwa nyumba ya adada a belu. Pamenepo nkhani inalumikizika yokha. Munthu amene anatsutsa sayansi pamaso pa komiti ndiye ankazidyetsa mbalamezo mobisa kuti zisanyamuke, kapena kuti zibwerere msanga, cholinga chake chikhale chochititsa manyazi ahedi ndi mphunzitsi. Adada anayankha modekha kuti makoko amataya padzala lomwelo chibwerere pamishoni, ndiponso kuti anachenjeza. Ahedi anati kuchenjezako ndiye umboni woti ankadziwa zimene anakonza. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Aphunzitsi, tithandizeni. Kodi mbalame ya paulendo ingasiye ulendo wake chifukwa choti wina akuidyetsa?”

Adada anandiyang'ana. Sankandichonderera ayi. Ankangodikira, ngati munthu amene sakukayika kuti mnzake anena zoona. Ndinayang'ana patebulo.

“Zimatheka,” ndinatero.

Mlembi analemba. Adada anapatsidwa mpaka kutha kwa mwezi kuti achoke m'nyumba ya mishoni. Tsiku losamuka ndinawaona pawindo la kalasi, akukweza bedi, mphasa ndi nkhuku ziwiri pa lole ya malasha yotsikira kunyanja, akazi awo atafunda chitenje kumutu. Sindinatuluke. Ndinachita manyazi oti mpaka lero ndikamva belu la tchalitchi amandibwerera, koma manyaziwo sanandiyendetse ngakhale mapazi khumi kupita ku ofesi ya ahedi.

Ndinakhalako zaka zina ziwiri, ndikadali profesa. Woliza belu watsopano anagwetsa chisa ndi nsungwi, mbalame zinamanganso pomwepo. Anagwetsanso, zinamanganso, ndipo zinamuloweza nkhope moti zinkamuthamangitsa ngakhale ali kumpopi. Potsiriza anayamba kumatseka khomo lalikulu zikaswa, n'kumatsegula la m'mbali. Komiti inakumana, inaona kuti njirayo ndi yabwino, ndipo inalemba m'buku la misonkhano kuti ndi nzeru yochokera kwa wapampando.

Kalata yondisamutsira kwathu itabwera, ndinatsika phirilo ndi katundu wanga n'kuima pa Chiweta kudikira minibasi. Anali masana, kukutentha koopsa, phula likununkha. Tsidya la msewu, pansi pa kachisakasa ka udzu, panakhala bambo wowonda akuingitsa ntchentche pa beseni la usipa wouma. Ndinawazindikira ndi chifuwa chija kuti ndi adada a belu. Ndisanaganize zobisala anali atandiona kale, ndipo anadzuka n'kudzandipatsa moni ndi manja awiri. Anandiuza kuti amakhala kwa alamu awo, m'chipinda chimene kale ankasungiramo maukonde, ndipo usipawo ndi wa alamuwo, iwo amangogulitsa. Akazi awo anali kudwaladwala, kutentha kwa kunyanja sikunawayanje. Anafunsa za ana a sukulu, za abusa aja, za denga la tchalitchi ngati likudonthabe.

Pamenepo zonse zinandituluka. Ndinawauza za mkuyu uja, za chikuto cha buku, ndi kuti ndinadziwa zoona miyezi inayi abusa asanagwe. Ndinati mbalame zija n'zakuno, mkazi ndi mmodzi, sizipita kulikonse, ndipo iwo ananena zoona kuyambira tsiku loyamba. Ndinayankhula nthawi yaitali, thukuta likuyenderera m'jekete, ndipo ndinamva mtima ukupepuka. Ndinkayembekezera kuti andikalipira kapena andikhululukira, ndipo zonse ziwiri ndinali wokonzeka kuzilandira. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Yewo, asambizgi,” anatero. “Koma ine ndinkadziwa kale. Amene sakudziwa mwawasiya kumtunda.”

Pamphambano panaima lole yopanda katundu imene inkakwera phiri, injini ikulira, ndipo dalaivala ankaitana okwera. Nthawi yomweyo inafikanso minibasi ya ku Mzuzu. Adada anandithandiza kunyamula sutikesi, ndipo ndinakwera minibasiyo.